Basela, Kufupa ndi Tipi: Ndalama Yotsala pa Mbale

 Nkhani yathu ya lero tiiyambira pa Domasi, m'boma la Zomba, pamsewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde.

Aliyense amene anagulako zinthu pamsika wa pa Domasi akudziŵa m'mene malonda amathera. Mwagula mulu wa tomato, mwalipira, koma simuchoka msanga ayi. Mumaima pang'ono, maso ali pa lichero, kufikira mayi wogulitsa atatola tomato mmodzi kapena aŵiri n'kuponya m'jumbo mwanu. Ameneyo ndiye basela, ena amati pulayizi. Wogulitsa mpunga amadzaza mbale mpaka kusefukira, kenaka n'kuonjezera kadzanja. M'kanyumba kodyera ka m'mbali mwa msewu, mayi wopakula nsima akaona kuti ndiwo zakutherani nsima ikadalipo, amakuthirirani msuzi osaŵerengera. Kwathu kuno, choonjezera chimachoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula.

Tsono kwerani minibasi, muyende mtunda wosafika makilomita 20 kukafika m'tauni ya Zomba, mukwerenso phiri mpaka pa hotela ya Ku Chawe. Kumeneko, ndi m'mahotela ena akuluakulu m'dziko muno, mudzaona zinthu zitatembenuka. Mlendo wadya, bilu walipira yonse, koma podzuka akusiya ndalama ina pa kambale kuti atenge weta, ndiye kuti mnyamata kapena mtsikana amene amamuperekera chakudya. Ndalama imeneyi Angerezi amaitcha tip, ndipo antchito a m'mahotela mwathu amangoti tipi. Apa choonjezera chachoka kwa wogula.

Kusadziŵa mwambo umenewu kumachititsa manyazi mbali zonse ziŵiri. Mphunzitsi amene wangotsiriza maphunziro pa koleji ya Domasi, akaitanidwa ku msonkhano wa m'hotela kwa nthaŵi yoyamba, amazunguzika: kodi ndisiye kapena ndisasiye, nanga ndikasiya zochepa sandiseka? Nayenso mwana wathu amene wapeza ntchito ya uweta amafuna kudziŵa ngati ndalamayo ndi yake, ya bwana wake, kapena ya onse.

Tisafulumire kunena kuti zimenezi n'zachizungu zokhazokha. Kusiya ndalama pa tebulo kunabweradi ndi azungu, koma mtima wake timaudziŵa kuyambira kale, pakuti ife tili ndi kufupa. Wovina akatyola bwino m'chiuno, woyimba ng'oma akaikometsa, munthu amatuluka m'gulu n'kukamuika ndalama m'dzanja kapena pamphumi. Anamwali akamatuluka kusimba, m'midzi ya chigwa cha Domasi monganso kwina, abale amawafupa. Palibe amene amatchula mtengo, ndipo wofupa amapereka ataona kale ntchito. Ndi chifukwa chake kufupa sikufanana ndi chipondamthengo, chimene sing'anga amalandira asanapite kukakumba mankhwala. Kusiyana kwa kufupa ndi tipi n'kwakuti kufupa kumachitika poyera, nthungululu zili m'mwamba, pamene tipi imaperekedwa mwakachetechete.

Ngakhale maina ake m'zilankhulo zina akumveka ngati a kwathu. Afalansa amati pourboire, kutanthauza "ya kumwa". Ajeremani amati Trinkgeld, "ndalama ya chakumwa". Ife tikamati "nayi ya fanta" sitinapite patali ndi iwo. Ku Egypt ndi maiko oyandikana nawo amati baksheesh, ndipo kumeneko amaiyembekezera ngakhale pa kantchito kakang'ono monga kutsegula chitseko kapena kunyamula chikwama.

Dziko limene mwambo umenewu unazika mizu koposa ndi America, ndipo mbiri yake kumeneko ndi yoyenera kuimvetsetsa. Ukapolo utatha m'chaka cha 1865, anthu akuda ambiri amene anamasulidwa analoŵa ntchito zotumikira m'mahotela ndi m'sitima za pamtunda. Kampani ya George Pullman, imene inali ndi mabogi ogonamo apaulendo, inalemba ntchito amuna akuda zikwizikwi, n'kumawalipira zochepa podziŵa kuti apaulendo adzawapatsa tipi. Apaulendo ambiri sankavutika n'komwe kufunsa maina awo: aliyense ankangomuitana kuti "George", dzina la mwini kampani. Munthu amene chakudya cha ana ake chili m'thumba mwa mlendo sangakwiye, amangosekerera. Antchito ameneŵa anakhazikitsa bungwe lawo m'chaka cha 1925 motsogozedwa ndi A. Philip Randolph, ndipo panapita zaka 12 kuti kampaniyo ivomere kusayina nawo pangano, m'chaka cha 1937.

Aamerika ena ankadana nayo tipi, ponena kuti imasandutsa mfulu kukhala wopemphetsa. Zigawo zingapo, kuyambira ndi Washington m'chaka cha 1909, zinaika malamulo oiletsa, koma pofika 1926 malamulo onsewo anali atafafanizidwa. Zotsatira zake zikuoneka m'malipiro. Lamulo la boma lalikulu la America linaika malipiro otsikitsitsa pa madola 7.25 pa ola m'chaka cha 2009, koma kwa wantchito wolandira tipi, bwana amaloledwa kulipira madola 2.13 okha pa ola, chiŵerengero chimene chinaikidwa m'chaka cha 1991. Lamulo limati tipi ikapereŵera bwana akwaniritse yekha, ndipo zigawo zina monga California zimalamula kuti weta alandire malipiro athunthu. Komabe m'madera ambiri wodya ndiye amalipira weta. Motero kumeneko munthu amasiya madola 15 mpaka 20 pa madola 100 alionse a bilu, ndipo wosasiya amaonedwa ngati wadya thukuta la mnzake. Kunena zoona, imeneyo sitingaitchenso mphatso. Ndi malipiro amene bwana wawakankhira kwa mlendo.

Ku Japan zinthu n'zosiyana kotheratu. Mukasiya ndalama pa tebulo, weta akhoza kukuthamangirani panja kudzakubwezerani, poganiza kuti mwaiŵala. Iwo amati kutumikira bwino mlendo ndiyo ntchito imene, ndipo mtengo wake uli kale m'bilu. Ku France nakonso mtengo wa utumiki umaŵerengeredwa m'kati mwa mtengo wa chakudya, choncho wodya akakondwa amangosiya kachenji.

Tibwerere kufupi, ku South Africa, kumene abale athu ambiri a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi amagwira ntchito m'malesitilanti a ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban. Kumeneko chizoloŵezi n'chosiya 10 kapena 15 pa 100 iliyonse, ndipo ngakhale wothira petulo ndi wolondera magalimoto pamalo oimikapo amapatsidwa kenakake. Ina mwa ndalama zimene zimafika m'midzi mwathu n'kugula malata ndi feteleza inayambira pa kambale ka tipi. Koma makolo amene mumalandira ndalamazo mudziŵe kuti siziyenda mofanana. Mwezi wa Disembala, alendo atachuluka, mwana wanu akhoza kutumiza zambiri. Nyengo yozizira matebulo akakhala opanda anthu, iyenso m'thumba mumauma. Musathamangire kunena kuti watchona kapena waiŵala kwawo.

Nanga kuno kwathu munthu achite bwanji? Choyamba ndi kuŵerenga bilu musanatulutse chikwama. Pa bilu ya hotela pamakhala mtengo wa zimene mwadya, msonkho wa VAT, ndi kamsonkho ka zokopa alendo. Misonkho iŵiriyi imapita ku boma, weta saionako. Malo ena amaonjezeranso mzere wolembedwa kuti service charge, kaŵirikaŵiri K10 pa K100 iliyonse. Mukauona mzere umenewu, dziŵani kuti utumiki mwalipira kale, ndipo kuonjezerapo n'kufuna kwanu.

Funso limene limavuta ndi lakuti ndalama ya mzere umenewo imathera m'manja mwa yani. Vutoli si la dziko limodzi. Ku Britain madandaulo anachuluka akuti eni malo odyera ankadulako kapena kusunga ndalamazo, mpaka nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2023, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2024, lonena kuti tipi yonse ipite kwa antchito ndipo igaŵidwe mwachilungamo. Anzathu a ku Zambia nawo ali ndi lamulo loti mahotela aziika 10 pa 100 iliyonse ya bilu kuti ikhale ya antchito. Inu wodya muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Kodi achimwene, iyi imakufikani?" Ndipo inu wofuna ntchito, funsani tsiku loyamba lomwelo za kagaŵidwe kake. Malipiro otsikitsitsa amene boma limalengeza potsata lamulo la ntchito la chaka cha 2000 ndi udindo wa wolemba ntchito. Bwana wonena kuti "malipiro n'ngochepa koma kuno kuli matipi" akukuuzani nkhani ya Pullman ija m'Chicheŵa.

Pali anthu ena amene timawaiŵala. Nsima imene mwaiyamikira sanaphike weta. Kuseri kuli wophika amene wakhala pamoto kuyambira m'bandakucha, wotsuka mbale, mayi woyala mabedi, ndi mlonda amene wachezera kuzizira kwa paphiri. Ndicho chifukwa malo ambiri ogona alendo, makamaka a kunyanja ndi a kumalo osungira nyama monga ku Liwonde, amaika bokosi polandirira alendo kuti zoponyedwamo agaŵane onse. Kwa ine njira imeneyi ndiyo ikugwirizana ndi chikhalidwe chathu chodyera m'mbale imodzi, bola bokosilo lizitsegulidwa antchito akuona.

Chenjezo limodzi lisatiphonye. Mawu aja akuti "ya fanta" ndi "kangachepe" ali ndi nkhope ziŵiri. Ndalama imene mwapatsa weta mutadya, mwa kufuna kwanu, ndi kuthokoza. Ndalama imene wantchito wa boma akuitanitsa kuti akudindireni chikalata, kapena kuti akuloleni kudutsa pamsewu, ndi ziphuphu, ndipo lamulo lothana ndi katangale la chaka cha 1995 limalanga wopereka ndi wolandira yemwe. Poyesa, dzifunseni mafunso aŵiri: kodi ntchito yachitika kale, ndipo kodi ndikapanda kupereka ndimanidwa chimene chili choyenera ine?

Za kuchuluka kwake, m'dziko muno mulibe lamulo lokakamiza munthu kusiya tipi. M'lesitilanti yaikulu ya m'tauni, K10 pa K100 iliyonse ndi ulemu wokwanira ngati mwatumikiridwa bwino. M'kanyumba kodyera ka pa Domasi palibe amene akuiyembekezera, ngakhale kuti mawu oti "chenjiyo sungani, mayi" sanakwiyitsepo munthu. Anyamata operekeza alendo paphiri la Zomba, kukaona Chingwe's Hole kapena Emperor's View, nkhani yawo ndi ina: chimene mumawapatsa ndiwo malipiro awo enieni, choncho gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo kufupa kubwere pambuyo, mutatsika bwino.

Masiku ano ambiri akulipira ndi khadi la kubanki, Airtel Money kapena Mpamba, ndipo kachenji kamene kankatsala pa mbale kakusoŵa. Ndalama yoloŵa pa nambala ya hotela imayamba yadutsa mu ofesi isanafike kwa mtsikana amene anakuthirirani madzi osamba m'manja. Ngati mukufuna kuti imufike iyeyo, sungani kandalama ka pepala m'thumba la malaya, mumupatse m'manja potsazika, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja monga timaperekera chinthu kwa munthu amene timamulemekeza.