Kodi mumadziwa kuti gemu ya Portal inayambitsidwa ndi ophunzira?

Gemu ya pakompyuta yotchedwa Portal, imene kampani ya Valve inatulutsa mu 2007, inachokera pa ntchito ya ophunzira a pasukulu ya DigiPen mumzinda wa Redmond ku America, amene mu 2005 anapanga kagemu kotchedwa Narbacular Drop, ndipo mkulu wa kampaniyo, Gabe Newell, atakaona analemba ntchito gulu lonselo.

Wosewera amaona zonse ndi maso a munthu amene akumuyendetsa, ndipo chida chake ndi mfuti yoboola makomo awiri pakhoma, pansi kapena kudenga, kotero kuti wolowa pakhomo limodzi amatulukira palinzake, pamene kompyuta yolankhula yotchedwa GLaDOS ikumunyogodola ndi kumulonjeza keke.

Ngakhale gemuyi imatha m'maola ochepa, kukoma kwake kumafanana ndi kwa zilapi zimene ana a m'midzi amaponyerana madzulo, pakuti funso limakhala lalifupi, yankho limabisala poyera, ndipo wolipeza amaseka yekha poona kuti linali pafupi nthawi yonseyo.