Ndalama za M'thumba ndi Ulendo wa ku Koleji

Anzanga, ambiri a ife timaganizira za mayeso a MSCE okha, koma nkhani ya ndalama ikutidikira kutsogoloko. Kwathu ku Chibanja, Yunivesite ya Mzuzu ili pafupi, ku Luwinga, ndipo inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Koma kukhala pafupi sikuchepetsa fizi ai.

Mu 2015 boma linakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'makoleji, lotchedwa HESLGB. Wophunzira wosowa amene wapeza malo amapempha thandizo kumeneko. Tsono tikumbukire zinthu ziwiri. Choyamba, si onse opempha amene amalandira. Chachiwiri, iyi ndi ngongole: munthu akatsiriza maphunziro ayenera kubweza, kuti ang'ono athu adzabwerekenso.

Nchifukwa chake ine ndayamba kuphunzira kusamala ndalama ndikali m'sukulu yogonera ino. Ndikalandira ndalama za m'thumba potsegulira teremu, ndimazigawa patatu m'kope. Gawo loyamba ndi la zofunika, monga sopo, makope ndi zolembera. Lachiwiri ndi la ulendo wobwerera kwathu, ndipo limeneli sindilikhudza. Lachitatu ndi losunga. Mandasi amadikira zotsala. Loweruka lililonse ndimawerengera zimene ndagula ndi zimene zatsala.

Makolo athu amavutikira kwacha iliyonse imene amatitumizira. Munthu wolephera kusamala ndalama za sopo, kodi adzasamala bwanji ngongole ya zaka zinayi? Akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo. Tiyeni tiyambe teremu inoyi.