Kodi Mwapemphedwa Kulowa mu Kafukufuku wa Matenda a M'mapapo? Werengani Izi Musanasaine

Kapepala aka ndi ka inu amene mukugwira kapena munagwirapo ntchito m'migodi, pamodzi ndi mabanja anu, makamaka okhala ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara mu mzinda wa Harare. Tsiku lina kuchipatala namwino angakupempheni kuti mulowe mu kafukufuku wa mankhwala a chifuwa. Kulowa kapena kukana zili kwa inu. Chofunika n'chakuti musankhe mukudziwa.

Kodi COPD ndi matenda otani?

COPD ndi matenda okhalitsa a m'mapapo. Tinjira ta mpweya timatupa ndi kuchepa, ndipo mpweya umavuta kutuluka. Munthu amatsokomola miyezi yambiri, amatulutsa makhololo, ndiponso amabanika akakwera kamtunda. Nthawi zina matendawa amakula mwadzidzidzi mpaka munthu kugonekedwa m'chipatala.

Zomwe zimayambitsa ndi fodya, fumbi la miyala la mu mgodi, utsi wa nkhuni ndi makala, komanso zipsera zomwe chifuwa chachikulu cha TB chimasiya m'mapapo. Mungadwale ngakhale simunasutepo fodya. Matendawa sapatsirana. Bungwe la WHO likuti anapha anthu pafupifupi 3.5 miliyoni m'chaka cha 2021 pa dziko lonse.

Mankhwala ochiziratu COPD palibe. Omwe alipo, monga opopera m'kamwa, amathandiza kupuma ndi kuchepetsa kukula kwa matenda. N'chifukwa chake madokotala akufufuzabe.

Kodi kafukufuku amathandiza bwanji?

Mu 2011 zinatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku America wa anthu 1,142 odwala COPD. Amene ankamwa mankhwala a azithromycin tsiku lililonse kwa chaka chimodzi, matenda sankawakulira pafupipafupi ngati anzawo. Koma ena mwa iwo anayamba kumva movutikira.

Kuno kwathu, pakati pa 2016 ndi 2019, ku Harare ndi ku Blantyre kunachitika kafukufuku wotchedwa BREATHE. Analowamo ana ndi achinyamata 347 a zaka 6 mpaka 19, omwe anali ndi HIV ndi matenda okhalitsa a m'mapapo. Ena ankamwa azithromycin kamodzi pa sabata kwa masabata 48, ena ankamwa mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda mankhwala. Zotsatira zinatuluka mu 2020. Mphamvu ya mapapo sinawonjezeke. Koma kudwala chifuwa mwadzidzidzi kunachepa ndi theka mwa omwe ankamwa mankhwala enieni.

Matenda a anawa ndi osiyana ndi a munthu wa ku mgodi, koma phunziro lake likutikhudza tonse. Mankhwala oyesedwa angathandize mbali ina, osathandiza mbali ina, ndipo angabweretse mavuto akeake. Zimenezi zimadziwika kafukufuku akatha. Musagule azithromycin pamsika chifukwa mwawerenga izi. Kumwa mankhwalawa mwachisawawa kumachititsa tizilombo kusamva mankhwala.

Chimachitika n'chiyani mukalowa?

1. Amakufotokozerani zonse ndi kukupatsani chikalata cha chilolezo. Mukavomera mumasaina kapena kudinda chala pamaso pa mboni.

2. Amakuyezani. Mumauzira mpweya mwamphamvu m'makina otchedwa spirometer. Angakujambuleni pachifuwa, kuyeza makhololo ngati muli TB, ndi kutenga magazi pang'ono. Ena amabwezedwa pamenepa chifukwa sakuyenera. Si mlandu.

3. Amakuikani m'gulu. Kompyuta ndi imene imachita maere. Inu simusankha, dokotala nayenso sasankha. Mungapezeke m'gulu la mapiritsi opanda mankhwala, ndipo kawirikawiri simuuzidwa mpaka kafukufuku atatha.

4. Mumabwera kudzaonedwa masiku omwe mwapangana, mwina kwa chaka kapena kupitirira. Ngati ntchito yanu ili kutali, monga ku Shamva, Bindura kapena Hwange, kapena mukufuna kupita kumudzi ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, neneranitu.

Ndani amayang'anira?

Mu Zimbabwe kafukufuku wa zaumoyo ayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Medical Research Council of Zimbabwe. Ngati akuyesa mankhwala, pafunikanso chilolezo cha Medicines Control Authority of Zimbabwe. Pemphani kuti akuonetseni chidindo cha chilolezo pa chikalata. Munthu wobwera pakhomo kudzafuna magazi kapena ndalama wopanda zikalata zimenezi, mukaneni. Kafukufuku weniweni salipiritsa.

Ufulu wanu

• Kukana. Chithandizo chanu cha nthawi zonse kuchipatala sichisintha.

• Kusiya nthawi iliyonse, ngakhale munasaina kale, osapereka chifukwa.

• Kumva zonse m'chinenero chanu. Chichewa ndi chimodzi mwa zinenero 16 zovomerezeka m'malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013. Ngati Chishona kapena Chingerezi chikukuvutani, pemphani womasulira.

• Kupita ndi chikalata kunyumba kuti mukakambirane ndi akazi anu, amuna anu kapena ana anu. Musalole kufulumizitsidwa.

• Kusungiridwa chinsinsi. Zotsatira zanu zisapite kwa abwana anu popanda chilolezo chanu.

• Kuthandizidwa ngati mankhwala akafukufuku akuvulazani.

Mafunso oti mufunse musanasaine

• Kodi mankhwalawa anayesedwapo kale? Anthu anakumana ndi zovuta zanji?

• Kodi ndipitiriza mankhwala anga opopera, a TB kapena ma ARV?

• Ndikabanika usiku, ndipite kuti? Ndiimbire ndani?

• Magazi ndi makhololo anga adzayezedwa chiyani? Adzasungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji? Kodi adzatumizidwa kunja?

• Ngati ndilibe chitupa, kodi ndingalowe? Ndani adzaona dzina langa?

• Mankhwalawa akapezeka kuti ndi othandiza, kodi ndidzawapeza kafukufuku akatha?

Kafukufuku si chipukuta misozi

Ndalama yomwe mungalandire ndi yobwezera thiransipoti ndi nthawi yanu. Si malipiro a mapapo anu owonongeka. Nkhani ya chipukuta misozi ili ndi njira yake. Amene munagwira m'migodi ya mu Zimbabwe, funsani ku maofesi a NSSA. Amene munagwira m'migodi ya golide ku South Africa, kuphatikizapo a nthawi ya Wenela, dziwani kuti kuli Tshiamiso Trust, yomwe imalipira odwala silicosis ndi TB amene anagwira m'migodi ina ya makampani asanu ndi limodzi pakati pa 1965 ndi 2019. Sungani zikalata zanu za ntchito, ndipo pemphani kope la zotsatira za kuyezedwa kwa mapapo anu.

Kumbukirani

Mulowe kapena musalowe, siyani fodya, valani chotchinga fumbi pa ntchito, ndipo phikirani pamalo podutsa mphepo. Ngati mwatsokomola masabata awiri, mukutuluka thukuta usiku, mukuonda kapena makhololo ali ndi magazi, pitani ku kiliniki ya khonsolo yomwe muli nayo pafupi kuti akuyezeni TB. Musadikire kafukufuku.