Mimba yatsopano, mwana akadali pa bere: kodi mkaka wawonongeka?

Mwana wanu ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Wayamba kuyenda, koma akuyamwabe. Mwezi wadutsa osasamba, wachiwiri nawonso wadutsa. Mwaima. Nkhani ikangofika kwa apongozi kapena kwa agogo, lamulo limabwera tsiku lomwelo: mwanayu asiye bere lero, chifukwa mkaka wa mayi woyembekezera ndi woipa. Ena amati wasasa. Ena amati watentha. Enanso amati tsopano ndi wa mwana wa m'mimba, ndipo wamkuluyu akauyamwa atsegula m'mimba ndi kutupa.

Mawu amenewa mwawamva ku Metangula, ku Messumba, ku Cóbuè, ku Meluluca, m'mbali monse mwa nyanja yathu. Tsidya lina ku Likoma ndi ku Nkhotakota amanenanso chimodzimodzi. Ali ndi dzina lake matendawo: utumbidwa, matenda a mwana amene mayi ake atumbiza.

Agogo sanama pa zimene anaona. Anaonadi ana akuwonda, tsitsi likufiira, miyendo ikutupa, mayi ali ndi mimba ina. Anaika ena m'manda. Chimene tiyenera kufunsa ndi ichi: chinadwalitsa anawo ndi mkaka, kapena ndi kusowa kwa mkaka?

Funso limeneli linafunsidwapo kale kutali ndi kuno. M'dziko limene lero timalitcha Ghana, dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, anaona ana ambiri otupa. Mu 1935 analemba za matendawa pogwiritsa ntchito dzina limene anthu a mtundu wa Ga ankawatchula: kwashiorkor. Tanthauzo lake ndi matenda a mwana amene wachotsedwa pa bere chifukwa kukubwera mng'ono wake. Mwaona? Ndi utumbidwa wathu womwewu. Dokotalayo anapeza kuti anawo ankatupa chifukwa atasiya bere ankangodya phala la chimanga lopanda kanthu. Lero dzina la kwashiorkor lili m'mabuku a zachipatala padziko lonse, ngakhale a Chipwitikizi amene anamwino athu amaphunzira.

Choncho yankho ndi ili. Mimba siisandutsa mkaka kukhala poizoni. Mkaka wa mayi woyembekezera ndi wabwinobwino kwa mwana amene akuyamwa, ndipo suba chakudya cha mwana wa m'mimba ngati mayi akudya mokwanira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, limene m'Chipwitikizi timati OMS, limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, kenako apitirize kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Unduna wathu wa zaumoyo, MISAU, umanena zomwezo. Mwana wa pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 2 amapezabe m'bere pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zimene thupi lake limafuna. Mukamuchotsa tsiku limodzi, gawo limenelo mwalichotsa, ndipo palibe chimene mwaikapo.

Komabe mkaka umasinthadi, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Mimba ikafika miyezi inayi kapena isanu, amayi ambiri amaona kuti mkaka wachepa. Kakomedwe kake kamasinthanso, umamveka ngati wamchere pang'ono. Chakumapeto kwa mimba thupi limayamba kupanga mkaka woyamba uja, wachikasu, wolimba, umene m'Chipwitikizi amati colostro. Mkaka umenewu ukhoza kufewetsako chimbudzi cha mwana wamkuluyo. Si kutsegula m'mimba kwa matenda ayi. Ana ena amaukana okha mkaka wosinthawu, nasiya bere popanda kukakamizidwa. Ena saukana. Nsonga za mabere nazo zimapweteka kwa amayi ambiri oyembekezera, ndipo mayi akatopa nazo ali ndi ufulu wochepetsa kuyamwitsa. Palibe amene ayenera kumudzudzula.

Nanga mimbayo siichoka? Mwana akamayamwa, chiberekero chimakungika pang'ono, monga chimachitiranso nthawi zina pachokha. Pa mimba yopanda vuto, zimenezi siziyambitsa matenda a kubereka. Koma pali amayi amene ayenera kuyamba afunsa anamwino: amene akutaya magazi, amene akumva kupweteka m'mimba kapena m'chiuno, amene anapitapo padera kangapo kapena anabereka mwana wosakwana masiku, amene auzidwa kuti ali ndi mapasa, ndi amene akuwonda m'malo monenepa. Ngati inu muli mmodzi wa iwo, musadikire tsiku la sikelo. Pitani, ndipo mukanene poyera kuti mukuyamwitsa. Amayi ambiri amabisa poopa kunyozedwa kuti atumbiza. Anamwino sangakuthandizeni pa chinthu chimene simunawauze.

Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV apitirize kumwa mankhwala a TARV tsiku lililonse, ndipo za nthawi yosiyitsa mwana bere akambirane ndi a kuchipatala amene akumuona.

Tsopano tikambe za m'mbale, chifukwa nkhani yeniyeni ili pamenepo. Mayi ameneyu akudyetsa matupi atatu: lake, la mwana wa kumsana, ndi la mwana wa m'mimba. Komatu m'nyumba zambiri ndiye amadya pomaliza, atagawira bambo ndi ana. Kuno kunyanja chakudya chathu chachikulu ndi chinangwa. Kondowole amakhutitsa, koma zomanga thupi ali nazo zochepa kwambiri, zochepa kuposa nsima ya chimanga. Mwayi wathu ndi wakuti ndiwo zili pakhomo pomwe: usipa, utaka, chigwada chotendera nsinjiro, nyemba, nkhwani, mazira, nthochi, mapapaya, ndi mango nyengo yake ikafika. Usipa wouma timadya ndi mutu ndi minga yomwe, ndipo mmenemo muli zolimbitsa mafupa.

Abambo, apa mawu ndi anu. Mukabwera kuchokera ku chilimira m'mawa, ogula amakhala akudikira kale pamchenga ndi ndalama m'manja. Patulani kaye za kunyumba musanayambe kugulitsa. N'zomvetsa chisoni kuona nsomba zathu zikukwera galimoto kupita ku Lichinga pamene mwana wa msodzi akudya phala loyera. Ndipo mkazi amene ali ndi mimba komanso mwana kumsana asamatunge madzi, kusinja ndi kulima yekha ngati kale. Mimbayo sanaipeze yekha.

Mayi ayambe sikelo ya amayi oyembekezera, consulta pré-natal, akangodziwa kuti waima. Kumeneko amapereka mapiritsi owonjezera magazi, aja timati sal ferroso, mankhwala oteteza ku malungo, ndi neti. Kuchepa kwa magazi ndiye mdani wamkulu wa mayi amene mimba zake zatsatana, ndipo malungo a kunyanja kuno amawonjezera vutolo.

Mwina mwaganiza bwino ndipo mwasankha kumusiyitsa mwanayo. Palibe cholakwa, makamaka ngati wapitirira chaka. Cholakwa ndi kasiyitsidwe kamene tinazolowera: kupaka tsabola kapena zowawa pa bere, ndi kumutumiza mwana kwa agogo kumudzi wina tsiku lomwelo. Taganizani mmene mwanayo akumvera. Dzulo anali ndi bere ndi msana wa mayi ake. Lero alibe zonse ziwiri. Amalira, amakana kudya, ndipo akadwala malungo kapena kutsegula m'mimba palibenso bere loti limugwire, pamene mwana wodwala amene wakana chakudya nthawi zambiri bere amalandirabe. Utumbidwa umayambira pamenepa.

Musiyitseni pang'onopang'ono, kwa milungu ingapo. Yambani ndi kuchotsa kuyamwa kumodzi kwa masana, muikepo chakudya. Patapita masiku, chotsaninso kwina. Kwa usiku kukhale komaliza. Mwana wa msinkhu umenewu adye katatu kapena kanayi pa tsiku, ndi kachakudya kena pakati monga nthochi kapena mbatata. Phala likhale lolimba, losatsika msanga pa supuni. Thiranimo nsinjiro, kapena usipa wokazinga wosinja wosefa bwino, ndi supuni yaing'ono ya mafuta. Akhale ndi mbale yakeyake. Akamadyera limodzi ndi akulu ake, iwo amatha ndiwo iye akadali pa mbamu yoyamba, ndipo inu simudziwa kuti wadya zingati.

Ngati mwanayo sanakwane chaka, nkhani ndi yolemera kwambiri, chifukwa iye amadalira bere koposa. Musamusiyitse musanaonane ndi anamwino kapena APE wa m'mudzi mwanu.

Kaya mwapitiriza kuyamwitsa kaya mwasiya, pali pepala limodzi limene lidzakuuzani zoona: khadi la sikelo la mwana, cartão de saúde da criança. Inu amene mwaphunzira manambala, litsegulani. Pali timadontho timene anamwino amalemba nthawi iliyonse mwana akakwera sikelo. Tsatani ndi chala. Mzere ukamakwera, mwana akukula. Ukagona, kapena ukayamba kutsika, funsani chifukwa chake tsiku lomwelo musanatuluke. Kunyumba mukhozanso kuyesa nokha: dinani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, muwerenge mpaka 3, muchotse. Pakatsala kadzenje mapazi onse awiri, kumeneko ndi kutupa kwa kusowa zakudya. Thamangirani kuchipatala. Mankhwala ake alipo, kuphatikizapo chiponde cha m'timapaketi chija, ndipo ana ambiri amachira akafika msanga. Kufufuza kaye kuti walakwa ndani m'banja kumangodya masiku a mwanayo.

Mwana watsopano akabadwa, amayi ena amayamwitsa onse awiri. Zimatheka, chifukwa bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuyamwidwira. Lamulo ndi limodzi: wakhanda ayambe ndiye, makamaka masiku oyamba a mkaka wachikasu uja.

Chinthu china chimene chimadabwitsa amayi ambiri ndi mimba yeniyeniyo. Amati, ndimayamwitsa, ndaima bwanji? Kuyamwitsa kumateteza ku mimba pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi sanayambenso kusamba. Chimodzi chikangosowa, mimba ikhoza kubwera. OMS imalangiza kudikira zaka 2 mwana atabadwa musanatenge mimba ina. Njira za kulera, planeamento familiar, zimaperekedwa ulere m'zipatala za boma, ndipo zilipo zimene mayi woyamwitsa angagwiritse ntchito osachepetsa mkaka. Mukapita kukayeza mimba ino, funsiranitu za njira imene mudzatenge mukachira, ndipo ngati n'kotheka bambo abwere nawo adzamve okha.