Matumbo Aakulu Amadya Zimene Ife Tasiya

Alimi anzathu, m'matumbo aakulu mumakhala tizilombo tabwino timene timagaya madeya ndi makoko a nyemba n'kupanga asidi wotchedwa butyrate. Maselo a khoma la matumbowa amapeza mphamvu zawo zambiri kuchokera ku asidi ameneyu.

Mu 1980, dokotala W. E. W. Roediger anapeza kuti mwa odwala zilonda za m'matumbo aakulu, matenda otchedwa ulcerative colitis, maselowa sagwiritsa bwino ntchito butyrate. Mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati dzira lowola, umene tizilombo tina timatulutsa pogaya zotsalira za nyama, umasokonezanso ntchitoyi.

Mgaiwa, nyemba ndi nandolo zimadyetsa tizilombo tabwino tija, koma sizichiza matendawa. Mukamaona magazi m'chimbudzi, thamangirani kuchipatala msanga.