Chizungulire pambuyo pa nsima mwa anthu omwa mowa kwambiri

Lamlungu lina masana tinakumana kunyumba kwa Mmalawi mnzathu kuno ku Runda. Bambo wina atatha mitanda iwiri ya nsima ndi kanyenya amene anzathu a ku Kenya amati nyama choma, anaimirira kuti akasambe m'manja, koma anadzandira n'kugwira mpando. Thukuta linali kamukamu pamphumi. Tonse tinaseka kuti nsima yawalemera. Mwana wawo wa zaka 12 sanaseke. Anandikokera pambali n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, bwanji adadi amachita chizungulire akangodya, ngakhale tsiku loti sanamwe?"

Mwanayo anaona chimene akuluakulu tinachiphonya. Mwa munthu amene wakhala akumwa kwambiri kwa zaka, chizungulire chotere nthawi zambiri si kuledzera ndipo si matsire. Chimachokera pa zinthu ziwiri zimene thupi limayenera kuzisunga pamlingo wake tikadya: kuthamanga kwa magazi ndi shuga wa m'magazi.

Tiyambe ndi magazi. Tikadya, magazi ambiri amapita m'mimba ndi m'matumbo kukathandiza kugaya chakudya. Kuti ubongo usaperewere, mtima umagunda mofulumirako ndipo mitsempha ya magazi ya m'miyendo ndi m'mikono imafinyika. Zonsezi zimachitika zokha, sitimazilamula, chifukwa pali mitsempha ina yonyamula uthenga kuchokera ku ubongo imene imayang'anira ntchitoyi usana ndi usiku. Mowa wa zaka zambiri umawononga mitsempha ya uthenga imeneyi. Uthenga umachedwa kapena sufika, magazi amakhalira m'mimba, ndipo munthu akaimirira maso amachita mdima. Madokotala amati postprandial hypotension, ndipo amatero nambala ya pamwamba ya BP ikatsika ndi 20 kapena kuposa pasanathe maola awiri chidyereni. Mbale ikakhala yaikulu, makamaka ya nsima, mpunga kapena chapati, vuto limakulanso.

Ngati munthuyo wamwanso pa chakudyacho, zimaipiraipira. Mowa umatakasa mitsempha ya magazi, komanso umatseka mphamvu ya thupi yosunga madzi, n'chifukwa chake omwa amapita kukataya madzi pafupipafupi. Madzi akachepa, magazi oyenda amachepanso. Onjezani mapiritsi a BP amene bambo ambiri a zaka za m'ma 50 amamwa m'mawa, ndiye kuti zinthu zitatu zikukokera mbali imodzi.

Nkhani ya shuga ndi ina, ndipo nthawi yake ndi inanso. Chiwindi ndi nkhokwe ya thupi. Chimasunga shuga, ndipo akatha chimapanga wina. Koma mowa ukalowa, chiwindi chimatangwanika ndi kuuphwanya, ntchito yopanga shuga imatsalira. Ndiye taganizani munthu amene sanadye chakudya cham'mawa, wamwa masana, kenako wadya nsima ya ufa woyera ndi botolo la soda. Shuga amakwera mwadzidzidzi, thupi limatulutsa insulin wambiri kuti amutsitse, ndipo pakatha maola awiri mpaka anayi shuga amagwa pomwe chiwindi sichingathe kumudzutsa. Mu 1977, ofufuza awiri ku Britain, O'Keefe ndi Vincent Marks, analemba mu magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti zimenezi zinachitikira ngakhale achinyamata ena athanzi atamwa gin wosakaniza ndi tonic wa shuga masana. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, kupsa mtima msanga ndi kulankhula zosamveka. Choopsa n'chakuti zimafanana ndi kuledzera, moti anthu amangoti "asiyeni agone". Kwa wodwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, kugona kumeneko kungakhale kosadzukanso.

Pali chachitatu chimene ife odya nsima tiyenera kuchidziwa. Mitsempha ya uthenga ija imafuna vitamini B1, ndipo thupi limasunga wokwanira masabata awiri kapena atatu okha. Mowa umalepheretsa matumbo kumuyamwa bwino. Vitaminiyu amapezeka mu nyemba, mtedza, nyama ya nkhumba ndi m'gaga wa chimanga, gaga yemweyo amene timamuchotsa pokonola ndi kuviika mphale kuti ufa uyere. Ine ndimaukonda ufa woyera monga Mmalawi aliyense, koma kunena zoona mgaiwa umene timaunyoza kuti ndi wa kusukulu yogonera ndi umene umasunga zambiri. Vitaminiyu akasowa kwambiri, munthu amadzandira poyenda, amasokonezeka mutu, maso amagwedera kapena amaona zinthu ziwiriziwiri. Zikafika apo ndi za kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kuchedwa kumawononga ubongo mpaka kalekale.

Nanga kunyumba mungachite chiyani? Makina oyezera BP amagulitsidwa m'mafamase ambiri mu Nairobi, ngakhale ku Village Market ndi ku Two Rivers pafupi pompano. Yezani asanadye, kenako pakatha mphindi 30, ndiponso pakatha ola limodzi, masiku angapo. Lembani manambala m'kope, pamodzi ndi zimene adya, zimene amwa ndi nthawi imene chizungulire chayamba. Ngati chimabwera mochedwa, yezaninso shuga. Akatsika kufika pansi pa 3.9, munthu ali maso ndipo akumeza bwino, m'patseni madzi othira masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga. Wokomoka musamuthire kanthu m'kamwa. M'gonekeni cham'mbali ndipo imbani 999 kapena 112.

Poyembekeza kuonana ndi dokotala, zimathandiza kumwa tambula yaikulu ya madzi mphindi 15 musanadye, kugawa mitanda iwiri ija kuti umodzi ukhale wa nthawi ina, kuchulukitsa ndiwo zamasamba ndi nyemba, ndi kukhala pansi kanthawi mukatha kudya. Kukwera galimoto n'kulowa mu Limuru Road mutangosamba m'manja ndiye ayi.

Zina sizidikira kope. Kusanza magazi, kapena chimbudzi chakuda bii ngati phula, ndi chizindikiro choti m'mimba mukukha magazi. Kupweteka pachifuwa, kukhota pakamwa kapena kufooka mbali imodzi kungakhale vuto la mtima kapena sitiroko. Ndipo ngati munthu wamwa chang'aa, amene ndi kachasu wa kuno, kenako akudandaula chizungulire ndi kusaona bwino, ganizirani za methanol. Mu November 2000, mowa wotchedwa kumi kumi unapha anthu oposa 100 mu Nairobi muno, ena n'kuchita khungu. Poizoni ameneyu amatha kuyamba kuoneka patapita theka la tsiku kapena tsiku lathunthu.

Mwina wina awerenga izi n'kulumbira kuti kuyambira mawa salawanso. Cholingacho n'chabwino, koma amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye yekha mwadzidzidzi. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa kamodzin'kamodzi limatha kugwa ngati lakhunyu m'masiku awiri oyambirira, kapena munthu amayamba kuona zinthu zomwe kulibe pa tsiku lachitatu, ndipo ena amafa nazo. Dokotala ali ndi mankhwala othandiza kudutsa masiku amenewa, koma amafuna kumva zoona za kuchuluka kwa mowa. Ife Amalawi timati "ndimangolawa pang'ono" pomwe kreti imatha pa wikendi. Bungwe la boma la Kenya loona za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo la NACADA lili ndi nambala yaulere, 1192.

Ana inu, si ntchito yanu kubisa mabotolo kapena kuwerengera adadi ndi amami matambula. Mukaona zotere, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, kaya ndi azakhali, amalume, abusa kapena aphunzitsi. Kumudzi kukanakhala ankhoswe oti akhazike munthu pansi. Kuno kuseri kwa mageti a Runda nyumba iliyonse imasunga zake, ndipo kawirikawiri woyamba kuona ndi mwana amene amachotsa mbale patebulo.