ZIWETO ZA PAKHOMO, GAWO LACHINAYI: MPHAKA, NYAMA YAIWISI NDI MAFUPA

Sabata yatha tidakamba za galu ndi katemera wa chiwewe. Lero titembenukire kwa chiweto china chimene chimagwira ntchito usiku wonse, koma sichiwerengedwa pamene mwini khomo akutchula chuma chake. Mukamfunsa mlimi wa ku Nsaru kapena ku Kabudula za ziweto zake, adzakuuzani za ng'ombe za pangolo, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Mphaka sadzamtchula. Komatu chimanga ndi mtedza zimene mlimiyo wakhetsera thukuta dzinja lonse, mlonda wake ndi kanyama komweka.

Chaka china pa Khirisimasi ndidakacheza kwa mai anga aang'ono kufupi ndi Nambuma. Adatiphera tambala, ndipo monga mwa chizolowezi, matumbo ake adaponyera mphaka ali aawisi. Titatha kudya, mafupa onse otsala m'mbale adapitanso kwa mphaka yemweyo. M'mawa mwake tidamuona akuchucha dovu, akudzikanda kukamwa, ndipo ngakhale madzi sadawayandikire. Patapita masiku anayi tidampeza atafera kuseri kwa khola la mbuzi.

"Mwanawe, anthu ansanje andithirira mankhwala chona wanga," adadandaula motero maiwo.

Koma titamuyang'anitsitsa kukhosi, tidapeza kafupa ka mwendo wa nkhuku kosongoka ngati chisonga, katalowa m'mnofu. Panalibe wansanje, tidamupha ndife tomwe pofuna kumkomera mtima. Pomafika mwezi wa Febuluwale, nthawi imene thumba lililonse limakhala la mtengo wapatali, makoswe anali ataboola matumba awiri a chimanga ndi kumwaza mtedza wa mbewu.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa anthu za mmene amadyetsera amphaka awo, ndipo ndapeza kuti alipo magulu awiri. Ena amati mphaka asapatsidwe kanthu koposa mkute, chifukwa akakhuta amachita ulesi. Ena amati poti mphaka ndi mbale wake wa mkango, nyama iliyonse yaiwisi ndi fupa lililonse n'zomuyenera. Magulu onse awiriwa ali ndi pamene akulondola ndi pamene akusokera.

Tiyambe ndi chibadwa chake. Mphaka wa pakhomo adachokera kwa vumbwe. Pamene anthu adayamba kulima ndi kusunga dzinthu, mbewa zidawatsata, ndipo vumbwe adatsata mbewazo. M'chaka cha 2004 akatswiri ofukula zakale adalengeza kuti pa chilumba cha Cyprus adapeza manda a zaka 9,500, mmene munthu adaikidwa pamodzi ndi mphaka. Ngakhale wakhala nafe nthawi yonseyi, thupi lake silidasinthe kwenikweni. Ali ndi mano 30, odulira nyama osati operera chimanga. Matumbo ake ndi aafupi, ndipo lilime lake silimva kutsekemera kwa shuga. Galu akhoza kukhala ndi moyo podya nsima ndi ndiwo zosiyanasiyana, koma mphaka sangathe.

Chifukwa chimodzi chachikulu ndi mchere wa m'thupi wotchedwa taurine, umene umapezeka mu nyama ndi nsomba, makamaka mu mtima, koma mu chimanga mulibe. Thupi la mphaka silitha kudzipangira wokwanira. Mu 1975 asayansi adaonetsa kuti mphaka wosowa taurine maso ake amaonongeka pang'onopang'ono mpaka kuchita khungu. Mu 1987 dotolo wa ziweto Paul Pion ndi anzake pa University of California ku Davis adapeza kuti kusowa komweku kumafooketsa mtima mpaka mphaka kufa. Tsono amene amadyetsa mphaka mkute wokha akumupha ndi njala ngakhale mimba yake ili yodzaza. Ndipo zoti mphaka wokhuta sasaka n'zabodza: kusaka kuli m'magazi mwake, ndipo mphaka wathanzi ndiye amatha kulimbana ndi khoswe wamkulu.

Apa wina anganene kuti, "Chabwino, tizimpatsa nyama. Nanga kuphika n'kwa chiyani, poti mbewa amaidya yaiwisi?" Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo liyenera kuyankhidwa bwino.

Mbewa imene mphaka wagwira amaidya nthawi yomweyo, yathunthu, ndi timafupa take tofewa, chiwindi ndi mtima womwe. Koma tiyeni tinene zoona za nyama yaiwisi imene ife timamponyera. Ndi zotsalira za pa msika wa ku Msundwe kapena wa ku Mpingu zimene zakhala padzuwa tsiku lonse ntchentche zikuterapo. Ndi nkhuku imene taipeza itafa m'khola m'mawa. Ndi nyama imene yayamba fungo ndipo eni ake aikana. Kunena mwachidule, timampatsa chimene ife taopa kudya. M'nyama yotere mumaswana tizilombo monga Salmonella, timene timatsegula m'mimba. Nthawi zina mphakayo saonetsa kudwala, koma tizilomboto timatuluka m'chimbudzi chake ndi kufalikira pakhomo.

Zimenezi zakula mphamvu masiku ano chifukwa mphaka wasendera pafupi nafe. Kale ntchito yake inali kunkhokwe, panja. Tsopano mabanja ambiri amasunga chimanga m'matumba m'nyumba poopa akuba, kotero mphaka amagona pamphasa pomwe mwana akukwawa.

Kachilombo kamene tiyenera kukadziwa bwino ndi Toxoplasma gondii. Kadapezeka mu 1908 ku Tunis, koma mu 1970 m'pamene zidadziwika kuti kamakhwimira ndi kuberekana m'matumbo mwa mphaka ndi abale ake okha. Mphaka amakatenga podya nyama yaiwisi, mbewa kapena mbalame. Akangokatenga koyamba, amatulutsa timazira take tambirimbiri m'chimbudzi kwa sabata imodzi kufikira atatu. Timazirato timayamba kupatsira matenda pakapita tsiku limodzi kufikira asanu, ndipo m'dothi lachinyezi timakhala ndi moyo miyezi yambiri. Kwa munthu wamphamvu sikachita zambiri. Koma mai akakatenga koyamba ali ndi pakati, pathupipo pakhoza kuchoka, kapena mwana akhoza kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika chifukwa cha HIV, kamatha kugwira ubongo. Sitikunena kuti mai amene wayamba sikelo ku St Gabriel's ku Namitete athamangitse mphaka wake ayi. Anthu amakatenganso podya nyama yosapsa ndi ndiwo zamasamba zosatsuka. Chofunika n'chakuti wina ndiye azichotsa chimbudzi cha mphaka tsiku lomwelo, ndipo maiyo azisamba m'manja ndi sopo akachoka kudimba. Kusaka sitingamletse mphaka, pakuti ndiyo ntchito yake. Koma tisaonjezere matenda ndi manja athu.

Za nkhuku zofa zokha, maiko ena aphunzira movutikira. Mu Juni 2023 amphaka ambiri ku Poland adafa ndi chimfine cha mbalame cha mtundu wa H5N1. Mu Malichi 2024 amphaka a pa famu ina ya ng'ombe ku Texas adafa atamwa mkaka wosawiritsa wa ng'ombe zodwala nthenda yomweyo. Mu Disembala 2024 mphaka wosatuluka m'nyumba ku Oregon adafa atadya chakudya chogula cha nyama yaiwisi ya nkhukundembo. Nthendayi si ya kutali kokha: mu 2023 dziko la South Africa lidataya nkhuku mamiliyoni ndi chimfine cha mbalame. Kwathu kuno nkhuku ikafa timangoti ndi chitopa, koma ndi maso okha palibe amene angasiyanitse chitopa ndi chimfine cha mbalame. Ngakhale chitakhala chitopa, mphaka kapena galu akakokera nkhuku yakufayo pakhomo la mnansi wanyamulanso nthenda. Nkhuku yofa yokha ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe.

Chimodzimodzi khoswe amene mwampeza atafa kapena akuyenda mwaulesi. Ngati m'nyumba kapena kwa anansi athira temeki kapena mankhwala ena a makoswe, mphaka amene adya khoswe woteroyo wadyanso mankhwalawo. Posankha kuweta mphaka, mwasankha kuleka mankhwala a makoswe.

Tibwerere ku mafupa, amene adapha chona wa mai anga aang'ono. Fupa likaphikidwa kapena kuotchedwa limauma, ndipo likatafunidwa limasweka mosongoka. Likhoza kupingasa kukamwa, kutsakamira pakhosi kapena kuboola matumbo. Minga ya chambo ndi mlamba imachita zomwezo. Fupa laiwisi ndi lofewerapo, komabe limabwera ndi tizilombo tonse tatchula tija, ndipo la mbuzi kapena la ng'ombe limathyola mano. Komabe mphaka amafuna mchere wolimbitsa mafupa ake. Kamwana ka mphaka kodya mnofu wokhawokha kamakula ndi mafupa osalimba, miyendo yokhota. Njira yabwino ndi usipa, bonya kapena matemba ang'onoang'ono, amene minga yake ndi yofewa, kapena chikhokhombe cha dzira chowiritsa ndi kuchisinja kukhala ufa, n'kutsinako pang'ono kuwaza pa chakudya.

Tsono timpatse chiyani mphaka popanda kuononga ndalama? Mukapha nkhuku kapena mbuzi yathanzi, mpatulireni mtima, nthutumba kapena kachidutswa ka mnofu. Wiritsani m'madzi pang'ono mpaka kufiira konse kwa m'kati kutatha, ndipo mumpatse pamodzi ndi msuzi wake, chifukwa taurine wina amatsalira m'madzimo. Patulani gawo lake musanathire mchere ndi anyezi, pakuti anyezi ndi adyo amaononga magazi a mphaka. Chiwindi chikhale cha apo ndi apo, chifukwa chikachuluka chimaumitsa mfundo za mafupa. Nsomba nazo ziwiritsidwe, popeza zina zaziwisi zimaononga vitamini B1 m'thupi, ndipo mphaka amayamba kudzandira. Dzira lowiritsa ndi labwino. Nsima ikhale yongosakanizira, osati chakudya chenicheni. Mbale yake ikhale yakeyake, yotsukidwa tsiku lililonse, ndipo madzi abwino asasowe.

Mphaka wosaka amatenga njoka za m'mimba kuchokera ku mbewa, choncho afunika mankhwala a njoka pa miyezi itatu iliyonse, ndiponso katemera wa chiwewe monga galu. Funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, kapena bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene lidayamba ntchito zake mu 2008. Mukaona mphaka akuchucha dovu musafulumire kupisa chala m'kamwa mwake, chifukwa chiwewe nacho chimaoneka motero. Mtsekereni pa yekha ndipo itanani wodziwa za ziweto. Ife tsiku lija tidachita mwayi chabe.

Mai anga aang'ono ali ndi mphaka wina tsopano. Nditapitako chaka chatha ndidawapeza akutapa usipa wowiritsa kuika m'kambale kapadera asanathire mchere mumphika.

"Amai, kodi lero chona ndiye wayamba kudya alendo tisanadye?" ndidawafunsa moseka.

"Mwanawe, mlendo ubwera lero n'kupita mawa. Uyu ndiye agona maso kulondera matumba anga," adayankha.

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Lamulo lake ndi lapafupi kulikumbukira: mphaka adye nyama, koma nyama imene inu simungaike mumphika wanu isalowenso m'mbale yake. Sabata yamawa tidzakamba za nkhunda ndi kamangidwe ka khola lake.